Magemu a puzzle a sci-fi aja: amakoma pati, nanga amabowa pati?

Funso labwera kuchokera kwa mbale wathu wina amene akuti zaka zonsezi wakhala akusewera magemu a mpira ndi owomberana basi, nde mnzake anamunyengerera kuti ayeseko magemu a puzzle a sci-fi (oyesa nzeru, a nkhani zopeka za sayansi), aja umangodzuka uli mu labu yachilendo kapena pa pulaneti ina yake n'kumatsegula zitseko ndi nzeru. Akuti anayesako imodzi, ola loyamba zinali bho, kenako anakakamira pamalo amodzi madzulo awiri athunthu, atatopa anakaonera yankho pa YouTube, kuchokera pamenepo gemu yonse inangozizira mpaka anaisiya. Funso lake ndi lakuti: "magemu amenewa ubwino wake ndi chani kwenikweni, kuipa kwake kuli pati, ndipo kodi vuto ndine kapena gemuyo?"

Achimwene, popeza simunanene dzina la gemu imene inakuvutaniyo ndiyankha mwa mtundu wonse, koma ndikuuziretu kuti zimene mwakumana nazozo aliyense amene amasewera magemu amenewa anadutsamo, ngakhale ife amene tayamba kalekale. Nkhani yake ili apa. Mu gemu ya mpira chimene chimakula mukamasewera ndi zala zanu, mumaphunzira kupasa msanga, kudinda batani pa nthawi yake. Mu gemu zowomberana zambiri chimakula ndi zala komanso zida, mfuti yaikulu, moyo wochuluka, levulo yokwera. Mu magemu a puzzle awa chimene chimakula ndi zimene zili m'mutu mwanu basi. Chitseko chimene chinakukanikani pa ola loyamba chimatseguka pa ola lachitatu pomwe gemuyo sinakupatseni kiyi wina aliyense, mwangomvetsa china chake chimene poyamba simumachiona. Nde mbali ya sci-fi ija imawonjezera chinthu chimodzi chachikulu: opanga gemu amakhala ndi ufulu wopeka lamulo la chilengedwe limene kunja kuno kulibe. Nthawi kubwerera mmbuyo, munthu kukhala ndi matupi asanu, khoma kukhala khomo. Kukoma konse kwa magemu amenewa kumalowera pa ufulu umenewu, ndipo zobowa zake zambiri zimaloweranso pompo.

Tiyambe ndi Portal, chifukwa palibe chitsanzo chooneka bwino kuposa imeneyi. Inatuluka mu 2007, anapanga ndi a Valve, ndipo maziko ake anachokera pa kagemu ka ana asukulu a ku koleji ya DigiPen kotchedwa Narbacular Drop, a Valve atakaona anangowalemba ntchito anawo. Lamulo lake ndi limodzi lokha. Muli ndi mfuti imene imatsegula mabowo awiri pakhoma, la buluu ndi la olenji, mukalowa pa limodzi mumatulukira pa linalo. Basi. Poyamba mumangoligwiritsa ntchito ngati khomo lachidule, kuwoloka dzenje, kukatenga bokosi n'kukaliika pa batani lalikulu lofiira. Kenako mumafika mu chipinda china, kotulukira kuli kutali patsidya, kulumpha simungafike, ndipo pansi panu pali chidzenje chakuya. Mumazungulira, mumayesa apa ndi apo, zikukanika. Kenako china chake chimangoti phethi m'mutu: bowo limodzi ndiliike mmwamba pakhoma loyang'ana kutsidyako, linalo ndiliike pansi penipeni pa dzenjelo, kenako ndidziponye. Mumagwa, liwiro likuchuluka, mumalowa pa bowo la pansi lija n'kutulukira pakhoma lija ngati mwala wa pa legeni, kuuluka mpaka kukatera kutsidya. Liwiro limene mwalowa nalo ndi limene mwatuluka nalo, changosintha ndi kolowera. Palibe amene anakulemberani zimenezi ngati fomula ya fiziki, mwazitulukira nokha ndi thupi, ndipo kamphindi kameneko, kamene umangoseka wekha pa sikirini, ndi kamene anthu amafuna mu magemu amenewa. Gemu ya mpira singakupatseni kamphindi kameneko olo muwine chikho.

Chimene chimapangitsa Portal kukhala gemu yachilungamo ndi choti lamulo lake silisintha ndipo limaoneka ndi maso. Khoma loyera la konkire limalola bowo, khoma lachitsulo lakuda limakana, nde ukalowa mu chipinda chatsopano maso amayamba okha kusaka poyera. Chipinda chilichonse chimaphunzitsa kanthu kamodzi, chotsatira chimafunsa ngati wamva, chachitatu chimasakaniza ndi zimene unaphunzira kale. Zimenezi sizinangochitika mwamwayi, a Valve amadziwika ndi kuonerera anthu wamba akusewera gemu isanatuluke n'kumakonza paliponse pamene anthu akusochera, moti mu Portal momwemo muli ka commentary ka opanga kofotokoza zimene anasintha ataona anthu akuvutika. Gemu yonse ndi ya maola atatu kapena anayi, sinadzitalikitse dala.

The Swapper ya 2013, ya kagulu ka ku Finland kotchedwa Facepalm Games, imaonetsa ubwino wachiwiri umene kwa ine ndi waukulu kuposa woyamba uja. Muli pa siteshoni ya mlengalenga yopanda anthu, muli ndi chida chopangira makope a thupi lanu mpaka anayi, onse amayenda mukayenda, ndipo mutha kusamutsa mzimu wanu, kaya tinene kuti maganizo anu, kuchoka mu thupi ili kupita mu lina. Nyali ya buluu imaletsa kupanga kope, yofiira imaletsa kusamuka, ya pepo imaletsa zonse ziwiri. Nde kuti mukwere pamwamba mumapanga kope mmwamba, kusamukiramo, kupanganso lina mmwamba mwake, kusamukiramonso, ndipo matupi amene mwawasiya aja amagwa pansi n'kumveka kuti khu, kufa. Ulendo woyamba umadzidzimuka. Ukafika ulendo wa makumi asanu sukuwerenganso n'komwe, wangozolowera. Ndipo nkhani ya gemuyo ikufunsa funso lomwelo, loti munthu weniweni ndi uti pakati pa matupi amenewa, nanga amene wagwa uja anali ndani. Funso limeneli ukaliwerenga m'buku umaliganizira uli chapatali, pano wakhala ukulichita ndi zala zako kwa maola, moti gemuyo sifunika kukulalikira. Puzzle ndi nkhani zikakhala chinthu chimodzi chonchi, palibe mtundu wina wa gemu umene ungafanane nawo.

Ndiye pali Outer Wilds, ya 2019, ya Mobius Digital, imene inayamba ngati pulojekiti ya kusukulu ya Alex Beachum ku University of Southern California ndipo inawina mphoto ya ku Britain ya BAFTA ya gemu yabwino koposa mu 2020. Ndiyesetsa kusaulula zambiri. Muli ndi ka roketi kamatabwa, mapulaneti ochepa ozungulira dzuwa, ndipo pakatha mphindi 22 dzuwalo limaphulika, mumafa, n'kudzukanso pomwe munayambira. Simutenga kalikonse kupita nako ku ulendo wotsatira kupatula zimene mwadziwa, ndi zolemba za mu kompyuta ya mu roketi zimene zimakusungirani zimene mwawerenga. Pali mapulaneti awiri amapasa, Ash Twin ndi Ember Twin, mchenga umakhuthuka kuchoka pa imodzi kupita pa inzake ngati ka wotchi ka mchenga kaja. Mukafika ku Ember Twin mochedwa mapanga ake adzadza kale mchenga simungalowe, mukachedwa mkatimo mchenga umakukanikizirani kudenga mpaka kufa, pomwe ku Ash Twin mukafika msanga nsanja zake zikadali zokwiririka, muyenera kudikira mchenga uphwe. Wotchi yeniyeniyo ndi mbali ya puzzle. Munthu wodziwa zonse atha kumaliza gemu imeneyi mu ulendo umodzi wa mphindi 22 zomwezo, chifukwa palibe chitseko chimene chinakhomedwa ndi levulo kapena chida, chimene chimakutsekereza ndi kusadziwa kwako kokha. Pamapangidwe, sindinaone ina imene inakwanitsa zimenezi mwaukhondo chonchi.

Koma Outer Wilds yomweyi ikutilowetsanso mu zoipa, nde tiyeni tilowe.

Choyamba ndi chimene chakugwerani inuyo, kukakamira. Mu gemu yowomberana ukamalephera umaonabe kuti ukusuntha, lero mdani wamkulu uja wamuchotsa theka la moyo, mawa umutsiriza. Mu puzzle mulibe theka. Kaya waona yankho kaya sunalione, ndipo ngati sunalione gemu yonse imaima, nkhani imaima, nyimbo yomweyo ikungobwereza, iwe ukungozungulira mu chipinda chimodzi ngati nkhuku yodulidwa mutu. Choipa kwambiri ndi choti sudziwa kuti wakakamira chifukwa chani. Mwina sunamvetse lamulo, mwina pali kachinthu kena sunakatole zipinda zitatu zapitazo, mwina yankho ukulidziwa kale koma zala zikuphonya, mwinanso gemuyo yangochita bug, kutanthauza kuti pulogalamu yake yalakwika penapake. Ine ndinataya madzulo awiri pa gemu ina ya point and click, aja umangoloza ndi kudinda zinthu pa sikirini, sinditchula dzina, ndikusaka njira yoyatsira makina ena ake, ndinayesa chida chilichonse pa chinthu chilichonse, kulankhula ndi loboti iliyonse kawiri kawiri, kenako ndinazapeza kuti panali kawaya kakang'ono ngati tsitsi kali pakona yamdima ya sikirini, mtundu wake wofanana ndi khoma. Nditakapeza sindinamve kukoma kulikonse, ndinangokwiya. Osewera amazitcha pixel hunting zimenezi, ndipo sizimayesa nzeru za munthu, zimayesa maso ndi kuleza mtima.

Chachiwiri ndi ufulu wopeka uja ukagwiritsidwa ntchito mwaulesi. Mu gemu ya m'dziko lathu lomwe lino ukaona chingwe ndi ndowa umadziwa kale kuti zimagwira ntchito bwanji. Mu gemu ya sci-fi ukaona makina a zolengedwa zakuthambo okhala ndi timiyala towala tisanu ndi kandodo kopindika, sudziwa kanthu, nde zonse zimadalira ngati opangawo anakuphunzitsa kapena ayi. Akapanda kukuphunzitsa amangobisala kuseri kwa mawu oti "ndi tekinoloje ya ma alien, siyenera kumveka", iwe n'kumangodinda mabatani mwachisawawa mpaka china chichitike. The Dig ya LucasArts, ya 1995, imene ganizo lake linachokera kwa Steven Spielberg, ndi gemu yokongola ndithu, akatswiri a zamlengalenga akupita kukapatutsa ndi mabomba chimwala chimene chikubwera kudzagunda dziko kenako chimwalacho n'kupezeka kuti ndi chombo chimene chikuwatengera ku pulaneti ina. Koma anthu ambiri amene anaisewera amakumbukira kwambiri puzzle ya mafupa a kanyama kooneka ngati kamba, pamene uyenera kusanja mafupawo fupa lililonse pamalo pake ndi mopendekera mwake, chitsanzo chake chili pa mwala wina kwina, ndipo ukaphonya pang'ono zimakana osakuuza kuti waphonya pati. Lingaliro lake ndi lanzeru, kachitidwe kake ndi kotopetsa.

Kuti muone kusiyana kwake yang'anani Riven ya 1997, yotsatira ya Myst. Myst ija inatuluka mu 1993, ya abale awiri Rand ndi Robyn Miller a kampani ya Cyan, ndipo inakhala gemu ya pa kompyuta yogulidwa kwambiri mpaka The Sims inazaipitirira mu 2002. Ena amakana kuti magemu awiriwa ndi sci-fi yeniyeni, amati ndi nthano chabe yokhala ndi makina, mkangano umenewo tiusiye. Mu Riven muli manambala achilendo a anthu otchedwa D'ni, amene amawerenga mwa ma 25 mmalo mwa ma 10 athuwa. Gemuyo sikupatsa tebulo lomasulira. Umalowa mu kalasi ya ana, umapeza kachidole kamasewera, ukakazunguza kamaonetsa chizindikiro china kenako kamunthu kolendewera kamatsika masitepe angapo, iwe n'kumawerenga masitepewo, kulemba pa pepala, kuzunguzanso, mpaka wadziwa kuti chizindikiro ichi ndi 3, ichi ndi 7. Zachilendo zomwezo, koma zili ndi mutu ndi mchira, ndipo umaphunzira mmene mwana wa kumeneko akanaphunzirira. Ngakhale zili choncho Riven yomweyo ili ndi puzzle ya timabo tamitundu pa bolodi la mabokosi 25 mulitali ndi 25 mulifupi imene inagwetsa anthu ambiri ulesi, chifukwa zokuthandiza zake zamwazikana pa zilumba zosiyanasiyana ndipo ukaphonya chimodzi sudziwa n'komwe kuti waphonya. Olo magemu abwino amaterereka.

Magemu akale anali ndi nkhanza ina imene masiku ano yachepa. Mu magemu a kampani ya Sierra, monga Space Quest imene inayamba mu 1986, umatha kufa pa chilichonse, komanso umatha kusiya kachinthu koyambirira kwenikweni, kusewera maola ambiri, n'kuzapeza kumapeto kuti kachinthu kaja kakufunika ndipo kobwerera kulibe. Ron Gilbert, wopanga magemu ku kampani imene inadzatchedwa LucasArts, analemba nkhani mu 1989 yodzudzula mapangidwe oterewa, ndipo magemu a LucasArts otsatira anasiya kupha wosewera mwachisawawa kapena kumutsekera pakona yopanda kotulukira. Nde mukamasewera magemu akale a mtundu umenewu muzisunga pamene mwafika pafupipafupi, m'malo osungira (ma slot) osiyana.

Palinso vuto limene ine limandinyansa kwambiri kuposa kuvuta, loti puzzle ndi nkhani sizikudziwana. Nkhani ikuti siteshoni iphulika pakatha mphindi khumi, thamanga, nde ukufika pa chitseko n'kupeza kuti kuti chitseguke uyenera kusanja timatailosi toseseleka kapena kulumikiza mapaipi amitundu. Ndani angakhome chitseko cha ngozi ndi masewera a ana? Apa umaoneratu dzanja la wopanga gemu, kuti anali ndi nkhani mbali iyi, ma puzzle mbali iyo, n'kungozimata. Portal itachita bwino kunabadwanso magemu ambirimbiri a zipinda zoyera zoyeserera, mawu a kompyuta akukuyankhula kuchokera kudenga, mabokosi ndi mabatani, moti ukasewera atatu anayi umayamba kuwasokoneza. The Talos Principle ya 2014, ya Croteam a ku Croatia omwe ankadziwika ndi gemu yowomberana ya Serious Sam, inapeza njira yake yozembera vutoli: ndinu loboti mu dziko lopangidwa ndi kompyuta, mawu otchedwa Elohim akukuuzani kuti malizani mayesero koma musakwere nsanja, nde ma puzzle kukhala ochita kupangidwa ndi mbali ya nkhaniyo. Ma puzzle ake a ma laser ndi ma jammer (zida zozimitsira zotchinga) ndi apamwamba zedi, ndipo ili ndi khalidwe limodzi labwino limene magemu ena onse akanatengera, loti ukakakamira pa chipinda chimodzi umatha kuchisiya n'kukachita china, kubwerera mutu utapola. Koma nayonso nkhani yake yambiri ili pa ma terminal, makompyuta a mu gemumo, kuwerenga ndime zitalizitali za filosofi mu Chingerezi chovuta, nde munthu amene sakonda kuwerenga pa sikirini amangodumpha n'kutsala ndi theka la gemu.

Nkhani ya chiyankhulo imeneyi si yaing'ono. Gemu ya mpira utha kuisewera osamva liwu limodzi, koma magemu awa ambiri yankho limabisika mu chiganizo china chake cha mu kalata kapena mu mawu ojambulidwa, ukaphonya tanthauzo la liwu limodzi waphonya puzzle. Outer Wilds pafupifupi yonse ndi kuwerenga zolemba za mtundu wakale wotchedwa Nomai pamakoma. Ngati zimenezi zimakutopetsani pali ena amene alibe mawu olembedwa n'komwe. Machinarium ya 2009, ya Amanita Design a ku Czech Republic, ndi nkhani ya kaloboti kotayidwa kudzala kamene kakubwerera mumzinda, zojambula pamanja, ndipo maloboti akamalankhula zimaoneka ngati tizithunzi mu kabaluni ka maganizo. Cocoon ya 2023, imene anatsogolera ndi Jeppe Carlsen amene anagwirapo ntchito pa Limbo ndi Inside, ilibenso mawu, umanyamula mipira kumsana ndipo mu mpira uliwonse muli dziko lathunthu limene utha kulowamo, kenako umayamba kulowetsa dziko lina mkati mwa linzake. Cocoon imatseka mwakachetechete njira zimene sukuzifunanso kuti usamabwerere mmbuyo pachabe, nde kukakamira kwa madzulo awiri kuja sikuchitikachitika, ngakhale akatswiri ena amadandaula kuti imakugwira dzanja kwambiri.

Zina ndi za thupi. Magemu oonera m'maso mwa wosewera ngati Portal, Talos ndi Outer Wilds amachititsa anthu ena chizungulire ndi nseru, makamaka pamene pansi pasanduka denga. Zikakuchitikirani kwezani field of view (kukula kwa dera limene mukuona) mu ma settings, zimitsani motion blur (kusaoneka bwino kwa chithunzi mukamasuntha) ndi kugwedezeka kwa chithunzi mukamayenda, ndipo Talos imalolanso kuonera kumbuyo kwa loboti. Kenako pali magemu amene amati ndi a nzeru koma pakati n'kuyamba kufuna zala za katswiri. Kuyendetsa roketi ya mu Outer Wilds kumatsata fiziki yeniyeni, ukapanda kuchepetsa liwiro umapitirira pulaneti kapena kukadziwomba, autopilot yake nayo itha kukulowetsa mu dzuwa ngati dzuwalo lili panjira, ndipo ukafa pa mphindi ya 18 uli pafupi kupeza chinthu uyenera kuyambanso ulendo wonse. Kwa inu a magemu owomberana izi mwina sizivuta, koma anthu ambiri amene anabwerera nkhani ndi ma puzzle anaisiyira pomwepo. SOMA ya 2015, ya Frictional Games, ili ndi nkhani yamphamvu kwambiri ya pansi pa nyanja yokhudza kukopera maganizo a munthu mu makina, koma zilombo zothamangitsa zinkasokoneza anthu ofuna kuganiza mpaka opangawo anawonjezera Safe Mode mu 2017 kuti zilombozo zisamaphe.

Ndipo chomaliza pa zoipa, chimene chilibe mankhwala: gemu yotere umaisewera kamodzi. Poti chimene chimakula ndi chidziwitso, ukadziwa wadziwa, sungadziiwalitse. Gemu ya mpira mumaibwereza zaka, iyi mukamaliza mumangotsala ndi kusirira anthu amene sanaiyambe. Portal 2 ya 2011 inayesa kuchepetsa vutoli, ili ndi mbali yosewera anthu awiri pamene aliyense ali ndi mabowo ake awiri ndipo mutu umodzi susenza denga, kenako mu 2012 anawonjezera chida chopangira zipinda zako n'kugawana ndi ena pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti. Koma magemu odalira nkhani ndi chinsinsi alibe pothawira. Ichi ndi chifukwa chakenso spoiler, kuuzidwiratu zimene zili kutsogolo, imapweteka kwambiri kuno kuposa kwina kulikonse, ndipo ndi chimene chinakuchitikirani pa YouTube paja. Vidiyo ija sinangokupatsani yankho la chitseko chimodzi, inakuonetsani munthu wina akuchita kuganiza kumene munayenera kuchita inuyo, mwinanso munaona ndi zipinda ziwiri zotsatira, nde munabwerera ku gemu ngati munthu wongokopera homuweki. Mukatero kamodzi, ulendo wotsatira mukakakamira mphindi zisanu zokha dzanja limapita lokha pa foni.

Nde vuto ndinu kapena gemuyo? Pali kayeso kosavuta. Kumbukirani zimene munamva mutaona yankho lija. Ngati munadzimenya pachipumi n'kunena kuti "aaa zoona, zinali pamaso panga pomwe", puzzle inali yachilungamo, munangofunika nthawi kapena kukagona kaye. Ngati munanena kuti "nanga zimenezi munthu akanazidziwa bwanji", gemuyo ndi imene inalakwa, musadzione ngati mbuli. Ine ndikakakamira ndimayamba ndadzifunsa kuti chinthu chatsopano chimene gemuyi yandiphunzitsa posachedwa ndi chiti, chifukwa mu gemu yopangidwa bwino yankho limakhala pamenepo kawirikawiri. Kenako ndimayang'ana kumwamba, anthu tikamasewera sitikonda kuyang'ana kudenga ndipo opanga magemu amadziwa zimenezi. Ndimafunsanso kuti mu chipinda muno muli chani chimene sindinachigwiritse ntchito, poti opanga abwino saika chinthu pachabe. Pepala ndi cholembera zimathandiza kuposa mmene anthu amaganizira, makamaka pa magemu a Cyan. Zikakanikabe ndimazimitsa, ndipo nthawi zambiri yankho limabwera ndili kosamba kapena ndikuyenda, kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakatha tsiku zisakusuntha, safunsa anadya phula, funsani ndithu, koma funsani hint, kongokulozerani njira, osati yankho, ndipo yolembedwa ndi yabwino kuposa vidiyo chifukwa mutha kuwerenga mzere umodzi n'kutseka. Machinarium inachita mwanzeru pa nkhani imeneyi: sikirini iliyonse ili ndi ka hint kamodzi kaulere, koma buku la mayankho onse ndi lokhoma, kuti litseguke uyenera kaye kuwina kagemu kena kakang'ono, nde umadzifunsa kawiri ngati ukulifunadi.

Kwa munthu wochokera ku magemu owomberana ngati inu ndinganene kuti yambani ndi Portal, kagwiridwe kake mukukadziwa kale, ndi yaifupi, ndi yoseketsa chifukwa cha kompyuta yachipongwe ya mu gemumo yotchedwa GLaDOS, ndipo simufunika makina amphamvu poti ndi ya 2007. Ikakukomerani pitani pa Portal 2, makamaka ndi mnzanu anakunyengererani uja. Ngati muli pa foni yokha, Machinarium ilipo pa Android ndi iOS. Mukafuna kulawa za makedzana osalipira kanthu, Beneath a Steel Sky ya Revolution Software ya 1994 inaperekedwa ulere kuyambira 2003 ndipo imayenda pa ScummVM, pulogalamu yoseweretsera magemu akale, kungoti konzekerani ka pixel hunting pang'ono. Talos ibwere mukafuna zovuta zenizeni. Outer Wilds muisunge mpaka mutazolowera kukhala osadziwa chochita kwa kanthawi osapsa mtima, musawerenge kalikonse za iyo, ndipo pogula muonetsetse dzina, pali ina yotchedwa The Outer Worlds ya Obsidian imene inatulukanso mu 2019 momwemo, ija ndi gemu yowomberana, anthu ambiri anasokonezapo.

Gemu munaisiya ija musaifufute kaye. Ndiuzeni dzina lake ndi pamene mwafika, ndikuuzani ngati ili ya gulu lachilungamo lija kapena lolakwa lija, ndipo mukakakamiranso ndizikupatsani ka hint kamodzi kamodzi.